Akuti tiyende nawo pa ulendo wa zisudzo, koma ife mbali yathu ng'oma basi?

Mchini_Drama:
Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi nkhani, ndithandizeni nzeru tisanawayankhe anthuwa. Ife tili ndi kagulu kathu ka sewero kuno ku Mchini, ena mwa ife amanyamula anthu pa njinga, ena amagulitsa salaula ku Kapata, timakumana madzulo kuseri kwa tchalitchi kuyeserera. Ndiye kwabwera gulu lina la ku Lusaka lomwe lapeza thandizo ku bungwe linalake, akuti akufuna kuzungulira chigawo chathu ndi sewero la maukwati a ana, kuyambira Chipata, Katete, Chadiza, Mambwe mpaka ku Lundazi, ndipo atenganso gulu lina la ku Mchinji kuti chikhale cha maiko awiri. Pa pepala alemba bwinobwino kuti ndi mgwirizano, tonse ndife ofanana. Koma titawerenga sewerolo taona kuti linalembedwa kalekale ku Lusaka, mbali zonse zolankhula anagawana okhaokha, ife atisiyira kuimba ng'oma kuti anthu asonkhane, kuvina pakati iwo akamasintha zovala, ndi kunyamula ma spika. Kenako akuti tiwapezere Gule adzatuluke kumapeto kuti chioneke cha kuno. Malipiro akuti alawansi ya tsiku ndi nsima. Pa gulu pathu tagawanika, ena akuti tilandire ndi mwayi woti tidziwike, ena akuti uku nkutipeputsa. Alipo anakumanapo nazo zotere?

Gologolo77:
Landirani ndalama mudala. Ulemu sugula unga.

AnaBanda_Katete:
Ndiyambe ndi za Gulezo. Musayerekeze ana inu. Gule satuluka chifukwa wina ku Lusaka walemba pa pologalamu kuti 15:30 zilombo zilowe. Ali ndi eni ake, ali ndi bwalo lake, amatuluka mfumu ya mzinda itavomera, pa maliro, pa chinamwali, polonga ufumu, kapena ku Mkaika pa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Inu mukatenga anyamata awiri a mu komboni muwaveke nthenga ndi masaka kumbuyo kwa kanta, tsiku lomwe mudzafike ku Chadiza mudzalipira mbuzi, ndipo a ku Lusakawo adzakhala atakwera kale basi.

Gologolo77:
Koma amama Gule timamuona pa misonkhano ya ndale, pa show ya zaulimi, polandira alendo. Pa sewero lophunzitsa anthu ndiye palakwika?

AnaBanda_Katete:
Ngakhale kumeneko amakapempha kwa eni dambwe, sangotola m'njira. Ndipo ena akalakwitsa sindiye kuti tonse tilakwitse. Mu 2005 UNESCO italemekeza Gule Wamkulu wa ku Zambia, Malawi ndi Mozambique sinanene kuti tsopano wasanduka chotsekera sewero la aliyense.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ana anga, nkhani mwabweretsayi si ya lero, ndiloleni ndiyambire patali pang'ono. Nthawi ya atsamunda zisudzo za pa siteji zinali za azungu m'makalabu awo, Lusaka Playhouse ndi nyumba zina za ku migodi, masewero a Chingerezi, oonera atakhala pa mipando atalipira pakhomo. Mu 1969 aphunzitsi ndi ophunzira a pa University of Zambia anayambitsa Chikwakwa Theatre, bwalo la panja lopanda denga, cholinga chake zisudzo zituluke m'nyumba zija zipite kwa anthu wamba. Pa tchuthi ophunzira ankapita m'zigawo kukachita masewero m'zilankhulo za kumeneko, ndi ng'oma ndi nyimbo zomwe. Maina ngati Kabwe Kasoma, Stephen Chifunyise, Masautso Phiri ndi Mapopa Mtonga ndi a nyengo imeneyo ndi zaka zotsatira, ndipo a Mtonga anafufuza mozama za Gule ndi za masewera a ana a Achewa ndi Atumbuka.

Koma iwo eni anaona vuto lake. Mlendo wafika, wasewera, anthu aseka, galimoto yanyamuka, m'mudzi zonse zili chimodzimodzi. Ndiye mu 1979 kunali msonkhano waukulu ku Chalimbana, kutengera zomwe anzathu a ku Botswana anayamba mu 1974 zotchedwa Laedza Batanani: ulowe kaye m'mudzi, umve chikuwavuta anthu nchiyani, sewero lichoke m'zomwe wamvazo, ukatha kusewera mukhale pansi mukambirane chochita. Ngakhale pamenepo odzudzula ananena kuti osewera anali alendo ndithu, eni mudzi anali oonera. Ndiye muone, zomwe akubweretserani a ku Lusakazi, sewero lophikaphika kale, ndi zomwe akuluakulu awo anazikana zaka zoposa 40 zapitazo.

Mchini_Drama:
Zikomo atate, zambiri sitinkazidziwa. Koma mawa akuimbanso foni, tinene kuti inde kapena ayi?

Mphunzitsi_Wopuma:
Osati inde, osati ayi. Muwauze kuti mukufuna kukambirana za sewerolo, osati za alawansi. Mukayamba ndi ndalama adzakuonjezerani pang'ono nkhani nkuthera pomwepo.

Chule_wa_Lutembwe:
Achimwene a ku Mchini ndifunseko chinthu chimodzi. M'sewero lawolo, amene akuvomera kuti mwana akwatiwe ndani, ndipo akulandira chiyani?

Mchini_Drama:
Ndi bambo ake a mtsikana. Akulandira ng'ombe ziwiri, amayi akulira pakona, kenako mphunzitsi akubwera ndi apolisi.

Chule_wa_Lutembwe:
Ndinadziwa. Sewero limenelo mukalichita ku Mtenguleni kwa Angoni a Mpezeni kapena kwa Atumbuka ku Lundazi anthu alimva, chifukwa kumeneko malowolo a ng'ombe alipo ndipo ana ndi a kwa bambo. Koma pakati pa Achewa a ku Katete ndi Chadiza mwini mbumba ndi atsibweni, mlongo wawo wa amayi. Bambo nthawi zambiri ndi mkamwini, akhoza kulankhula koma mawu omaliza si ake. Ndiye mukaonetsa bambo akugulitsa mwana ndi ng'ombe, agogo aja atakhala pa mphasa adzangoti "awa ndi Angoni awa" nkumaseka, basi uthenga wadutsa pamwamba pa mitu yawo, palibe yemwe wakhudzidwa. Zinthu zasintha inde, ndalama zalowa paliponse ndipo mabanja ambiri asakanikirana, koma atsibweni sungawadumphe.

Ife tinachitapo sewero la nkhani yomweyi kumudzi kwina kumbali ya Chadiza. Tisanalembe kalikonse tinakhala kaye m'mudzimo, atsikana a pa gulu kukatunga madzi limodzi ndi azimayi, kukhala pa mzere wa kuchigayo, anyamata kukacheza pa bawo ndi pomwera kachasu. Zomwe tinamva sizinali "anthu sadziwa lamulo" ayi. Anthu amadziwa. Vuto linali sekondale ili kutali, atsikana amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu okhaokha, ufa ukatha Lachitatu woyendetsa njinga yamoto ndi amene akugula ndiwo, mimba yabwera, ndiye makolo akuti bola akwatiwe kusiyana ndi manyazi. Sewero lathu tinalimanga pamenepo. Titafika pomwe atsibweni akutambasula dzanja kuti alandire ndalama ya damage, tinaimitsa. Wosewera anangouma dzanja lili m'malere. Ine ndinatembenukira kwa anthu nkufunsa kuti alandire kapena asalandire? Kunali phokoso, amuna kwawo akazi kwawo. Kenako namkungwi wina wachikulire anadzuka, kumanga chitenje bwinobwino, kulowa m'bwalo, kumukankha mtsikana wathu yemwe ankasewera ngati amayi kuti choka sukuyankhula bwino iwe, nkuyamba kuwalalatira atsibweni aja ngati ndi mlongo wawo weniweni. Mnyamata wathuyo thukuta kamukamu, zoyankha zinamuthera, anayamba kuyankha zochokera mumtima mwake. Zimenezo sungazilembe uli ku Lusaka.

Gologolo77:
Ndiye maukwati a ana anatha m'mudzimo?

Chule_wa_Lutembwe:
Sanathe. Sindinanene kuti sewero ndi jekeseni. Koma anakambirana zoti mayi mmodzi azigona kumene kuli atsikana aja mosinthana, ndipo ambiri tsiku limenelo ndi pomwe anamva kuti mtsikana akabereka amaloledwa kubwerera ku sukulu, pomwe ndondomeko imeneyo ilipo kuyambira 1997.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ndionjezere pa za lamulo kuti musakaphunzitse zakale. Kumapeto kwa 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa, tsopano ukwati wa munthu wosafika zaka 18 ndi wosavomerezeka ngakhale utakhala wa mwambo. Kale anthu ankabisala kuti wathu ndi wachikhalidwe. Onani ngati sewero lawolo lili nazo zimenezi. Komanso sukulu za boma ndi zaulere kuyambira 2022, ndiye ngati muli mzere woti "tilibe ya fizi" anthu adzakutsutsani pomwepo, vuto tsopano ndi mtunda, yunifomu, chakudya ndi malo ogona.

Kabulonga_Kid:
Ndiloleni ndiwaimirireko a ku Lusaka popeza pano akuphedwa alibe wowayankhira. Ine kwathu ndi ku Sinda koma ndimagwira ntchito zamtunduwu mu tauni. Sikuti anthuwa ndi odzikuza dala. Bungwe lopereka ndalama limafuna kuona sewero lolembedwa lisanatulutse ngwee, mauthenga onse amawayendera mzere ndi mzere, ukasintha umafunika kupemphanso chilolezo, ndipo kumapeto amafuna lipoti la anthu angati anaonera, amuna angati akazi angati, zithunzi. Sabata yokhala m'mudzi kumvetsera pa bajeti imaoneka ngati kungodya ndalama. Chachiwiri, tinene zoona, magulu athu ambiri a kuno sewero lawo ndi chidakwa chikudzandira theka la ola, wina wavala pilo pamimba, onse akulankhula nthawi imodzi atapatsa oonera msana, kumapeto wina akuima nkunena kuti "ndiye anzanga taphunzirapo kuti". Pali zoti muphunzire kwa iwo, kaponyedwe ka mawu, kaimidwe m'bwalo, kudziwa pothera. Paja mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

AnaBanda_Katete:
Mlendo yemweyo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akapita otsala ndi mafunso a anthu ndani?

Mchini_Drama:
Za chidakwazo mwatilasa a Kabulonga, tili naye wathu ndipo anthu amamukonda kuposa tonse 😂 Koma tingaphunzire bwanji kaimidwe tili kumbuyo ndi ng'oma?

Kabulonga_Kid:
Apo ndiye mwagwira mfundo, ndipo muwauze chimodzimodzi. Pemphani kuti mbali iliyonse ikhale ndi anthu awiri, wa kwawo ndi wa kwanu, muzisinthana malo ndi malo. Sizisokoneza bajeti ndipo wina akadwala m'njira sewero siliima. Zimenezo bungwe silingakane.

Ngoma_Ndiyanga:
Ine ndakwiya ndi nonse amene mukulemba "ng'oma basi" ngati ndi ntchito ya ana. Fikani pa msika wa ku Katete masana popanda ng'oma muone ngati munthu asiye tomato wake kubwera kudzakuonerani. Ndife timadzuka m'mamawa nyengo ya June kukoleza moto wa mapesi kuwamba zikopa kuti zilire, kumata phula pakati, kuyesa, kuwambanso, manja kuchita matuza, ndipo sewero likayamba kuzizira ndife timalidzutsa. Vuto si ng'oma, vuto ndi loti wolankhula mizere isanu akulandira kuposa woimba tsiku lonse, ndipo pa chithunzi cha lipoti ife timaoneka msana. Funsani kuti iwo akulandira zingati patsiku. Ngati ndi mgwirizano envelopu ikhale imodzi.

WakuLundazi:
Nanga kwathu adzalankhula chiyani? Chinyanja cha ku Matero? Anthu amamva inde, koma nthabwala yopanda Chitumbuka siseketsa agogo, ndipo pofika nthawi yokambirana azimayi adzangokhala chete. Kunabwera gulu lina nthawi ya kolera, sewero lokonzedwa bwino zedi, mayunifomu ofanana, maiki aliyense yake. Ndiye mayi wa m'seweromo akuuza mwana kuti pita ukasambe m'manja pa mpopi ukachoka ku toileti. Gogo wina anafunsa mokweza kuti mpopi wakewo uli kuti, tikatungeko nafe. Bwalo lonse kuphulika kuseka, osewera kusokonezeka, chifukwa mudzi wonsewo amamwa pa chitsime chimodzi cha kudambo pomwe ng'ombe zimamweranso. Akanangofika dzulo lake nkuyenda pang'ono akanaona.

Malambo_Kwathu:
Ku Mambwe nakonso ndi Chikunda. Ndipo asaganize kuti akubwera kwa anthu osadziwa sewero, ku Mfuwe kuli SEKA, gulu la kuno komwe lomwe lakhala likuchita masewero a za njovu zodya m'minda, misampha ya waya, za umoyo, kumidzi komanso kwa alendo obwera kudzaona nyama ku South Luangwa. Iwo nyama amazionetsa ndi thupi ndi tizipangizo tochepa, mwana amadziwa kuti iyi ndi njovu wosewera asanatsegule pakamwa. Anthu a kuno anazolowera mlingo umenewo, ndiye mukabwera ndi sewero longolankhula muli chilili adzakusiyani. Ine ndikanakhala inu ndikanati pa boma lililonse pakhale gulu la pamalopo lolowa m'sewero, osati Chipata iimirire chigawo chonse. Inunso a ku Mchini mukafika kuno ndinu alendo, musaiwale.

Mchini_Drama:
Eee apo mwatigwira pakamwa.

Mbuya_wa_ku_Kasama:
Imwe ba kum'mawa vuto yanu ni imozi, sewero iliyonse ifunika break ya mbeba. Mukaona munda watenthedwa ma actor onse athawa na makasu.

Gologolo77:
Mbuya khalani chete, inu gulu lanu linalephera kusewera ku Mfuwe chifukwa anyani onse anathawira m'mitengo atamva kuti kwabwera Abemba.

AnaBanda_Katete:
Kkkk musiyeni mbuya wanga, adzatipaka ufa pa maliro. Bwererani ku nkhani.

Che_Border:
Ine ndili mbali ya Mchinji, sindili m'gulu lomwe latchulidwalo koma ndinene za pa malire a Mwami. Anthu kuwoloka sikuvuta ngati mapepala ali bwino, chovuta ndi katundu. Ma spika, jenereta, mixer, zonse zilembedwe ndi manambala ake potuluka kuti pobwerera asakuuzeni kuti mwagula kunja. Ndipo ngati a kwathu akudzasewera ku Zambia molipidwa, okonzawo afunse ku National Arts Council, bungwe la boma loona za luso, za chilolezo nthawi ikadalipo, osati tsiku lonyamuka. China, mugwirizane kuti malipiro ndi kwacha iti. Musaseke, mu November 2023 kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anapangana mu ndalama ya kwathu analira.

Koma chomwe chimandiwawa ine nchakuti tonse tafika poganiza kuti sewero loyendayenda ndi la mabungwe. Du Chisiza Jr ndi gulu lake la zisudzo la Wakhumbata ankazungulira Malawi yense anthu akulipira pakhomo, maholo kudzaza. Izeki ndi Jakobo chimodzimodzi, ndipo kuno ku Chipata mumawadziwa bwino. Analibe fomu yolembapo amuna angati akazi angati. Anthu ankalipira chifukwa zinali zokoma.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwandikumbutsa Julius Chongo ndi Poceza M'madzulo pa wailesi. Munthu mmodzi, mawu okha, koma mudzi wonse unkazungulira wailesi imodzi mabatire ataanikidwa padzuwa tsiku lonse. Ana a lero mukanamvera mmene ankasinthira mawu kuchoka kwa nkhalamba kupita kwa mwana mukanasiya kulimbirana maiki.

Kabulonga_Kid:
Nthawi imeneyo kunalibe TikTok atate. Lero muuze munthu alipire K20 kuonera sewero pomwe pa foni akuseka ulere.

Che_Border:
Mpira amaonera pa foni koma ku David Kaunda Stadium amapitabe.

Dalaivala_wa_Kanta:
Inu mukukangana za nzeru, ine ndinene za msewu poti ndine ndimanyamula magulu otere. Funso loyamba, ulendowu ndi mwezi uti? Akanena January kapena February akaneni. Anthu ali kumunda kupalira ndi kuthira feteleza, njala ili pakhomo, misewu ya kumidzi ya ku Chadiza ndi Vubwi ndi matope, kuchigwa ku Mambwe mitsinje ikadzaza mumagona tsidya lino. Nthawi yabwino ndi anthu akakolola, June mpaka September, koma mupewe sabata yomaliza ya August chifukwa Katete yense amakhala ku Kulamba. Chachiwiri pa pologalamu pazikhala tsiku lopuma lopanda kanthu. Mudzafika pamudzi mwakonzeka bwinobwino nkupeza pali maliro, simungaimbe ng'oma, mudzapita kukakhala nawo pa siwa basi, ndipo mukakhala nawo bwino mawa lake adzabwera onse kudzaonera. A m'tauni amafuna kuti tingodumpha tipite pena chifukwa mafuta awerengedwa kale. Ndipo kalata ya ku boma siyokwanira, pitani kwa amfumu a mudzi kudzera kwa nduna zawo masiku angapo zisanachitike, apolisinso adziwitsidwe. Ndinaonapo gulu likutsitsa ma spika pa bwalo la sukulu, nduna ikubwera pa njinga nkufunsa mwaulemu kuti kodi alendowa ndi a yani, basi tinapakiranso.

Mai_Awiri:
Palibe amene wafunsa za atsikana. Akagona kuti? Nthawi zambiri ndi m'kalasi, mabenchi kukankhira kukhoma, anyamata kalasi iyi atsikana kalasi inayo chitseko chopanda loko. Mukupita kukaphunzitsa anthu za kuteteza ana aakazi, inu mwanyamula atsikana a Grade 9 popanda mayi wamkulu woyenda nawo, ena makolo sanauzidwe bwino. Ine mwana wanga sangakwere kanta imeneyo. Pakhale mayi wachikulire pa ulendo ndipo alipidwe ngati wina aliyense, ana a sukulu atsale ngati si tchuthi. Kwa ife okwatiwa ndiye ina nkhani, bambo a kunyumba amafuna kudziwa kuti amene akusewera ngati mwamuna wako ndani, ndiye ndi bwino atsogoleri a gulu akafike pakhomo kukapempha mwaulemu.

Chule_wa_Lutembwe:
Amama mwanena zoona zokhazokha. Ndionjezere za mavidiyo. Adzajambula zonse, nyimbo zanu za chitelele, nkhope za anthu a m'midzi akulankhula za m'nyumba mwawo, kenako muzaziona pa Facebook ya bungwe dzina lanu palibe. Mayi akaulula pa bwalo kuti mwana wake anapatsidwa mimba ndi wachibale, akulankhula kwa anansi ake, sakulankhula kwa dziko lonse. Kamera izizima nthawi ya zokambirana, kapena afunse kaye.

Gologolo77:
Mwawaunjikira zofuna zambiri, anthuwa angotenga gulu lina la ku Nabvutika lomwe livomere nsima yokha. Magulu ali mbwee mu Chipata.

Mphunzitsi_Wopuma:
Zikhoza kutero, ndipo nchifukwa chake magulu a m'tauni muno muyenera kumalankhulana, osati kupikisana pa mtengo wotsika. Lembetsani gulu lanu ku National Arts Council, lowani mu NATAAZ, bungwe la magulu a zisudzo m'Zambia, muzipita ku mipikisano, ndipo gulu lolembetsedwa likhoza kupempha nawo thandizo la achinyamata la CDF, ndalama za boma za chitukuko cha m'dera la phungu, kudzera ku komiti ya wadi. Sindikuti mudzapatsidwa, koma wopanda satifiketi sayambira nkomwe. Mukakhala ndi ng'oma zanu, spika yanu ndi akaunti yanu, mlendo akabwera mumakambirana naye mutakhala pa mpando.

Ndipo dziwani kuti sewero la anthu eni ake lili ndi mano. Ku Kenya, pamudzi wa Kamiriithu, alimi ndi antchito anamanga okha bwalo lawo nkupanga sewero m'Chikikuyu pamodzi ndi Ngugi wa Thiong'o mu 1977. Boma linaliletsa, Ngugi anatsekeredwa kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo mu 1982 bwalolo linagwetsedwa. Anthu akayamba kunena okha chomwe chikuwavuta satchula umbuli wawo, amatchula sukulu yomwe sinamangidwe ndi feteleza yemwe anachedwa. Mabungwe ena sewero lolembedwa kale amalikonda pa chifukwa chimenecho.

Kabulonga_Kid:
Atate apa mwapita patali, awa ndi anyamata ofuna kungogwira ntchito, si boma la Kenya.

Mchini_Drama:
Ndabwerako akuluakulu, talankhula nawo pa foni nthawi yaitali. Za Gule avomera kuchotsa, anati sankadziwa kuti ndi nkhani yaikulu choncho, m'malo mwake tiika chimtali ndi ngoma ya Angoni malinga ndi malo. Za atsibweni mtsogoleri wawo anakhala chete kenako anati amayi ake ndi a ku Chadiza ndipo nzoona, ndiye sewero likhala ndi mitundu iwiri, la atsibweni ndi la malowolo. Avomera kubwera masiku angapo ulendo usanayambe kuti tiyeserere limodzi ku Katete ndipo atatu a ife tilowa m'mbali zolankhula. Zokhala m'mudzi kumvetsera akuti bajeti ilibe. Za envelopu imodzi akuti afunse kaye ku ofesi, mawu ake anasintha pamenepo. Za mayi woyenda nafe avomera msanga. Mwezi akuti July.

Ngoma_Ndiyanga:
"Afunse ku ofesi" ndiye kuti akulandira kawiri kuposa inu. Musakwere galimoto zisanalembedwe pa pepala, ndipo theka alipire musananyamuke.

Chule_wa_Lutembwe:
Zomvetsera m'mudzi chitani nokha, sizifuna bajeti. Aliyense wa inu ali ndi kwawo, wina Chiparamba wina Kagoro wina Chadiza. Loweruka likubwerali aliyense apite akacheze ndi azakhali ake, mubwere nazo pa kuyeserera.

WakuLundazi:
Nanga za Chitumbuka anati chiyani? Kuno kuli anyamata a muganda ndi azimayi awiri omwe amasewera bwino kwambiri ku tchalitchi, mmodzi akayamba kulira pa sewero ngakhale abusa amapukuta maso. Ndikhoza kuwauza akonzeke koma ndidziwe tsiku msanga, July anthu amakhala ali pa mzere wogulitsa chimanga ndi soya.

Mchini_Drama:
Ndinaiwala kufunsa zimenezo, ndiwatumizira uthenga usiku uno. Nditumizireni nambala ku inbox. A Dalaivala, Chipata kukafika Lundazi ndi kubwerera, anthu 14 ndi katundu, mungatichitire zingati?

Dalaivala_wa_Kanta:
Zidalira ngati jenereta ikukwera nawo komanso ngati tikugona. Koma anthu 14 pamwamba pa ma spika apolisi a pamsewu sadzatisiya, pezani minibasi ya anthu, ine nditenge katundu ndi oimba ng'oma awiri kutsogolo.

Ngoma_Ndiyanga:
Kutsogolo ndikhala ine, ng'oma zanga sizikwera kumbuyo ndi jenereta, fungo la petulo limalowa m'chikopa.